Mutu wa Dongo wa Apurofesora Otília

Aliyense amene anaphunzirapo biolojiya m'manja mwa Otília ku Ulongwe angakuuzeni kuti mayi ameneyu anabadwa ndi pakamwa. Akayamba kufotokoza za mtima wa chule, mawu ake ankaboola khoma, moti mphunzitsi wa masamu wa m'chipinda choyandikana ankangopinda manja n'kudikira kuti chule uja athe. Ndiye matenda nawonso ali ndi chipongwe. Atabwera sanafune mwendo, sanafune diso. Analunjika pakamwa pomwepo.

Otília anagwa m'mawa wina akuyanika zovala. Mwamuna wake Valter, woumba ndi kuwotcha njerwa, anasiya chikombole m'matope n'kuthamangira naye kuchipatala, ndipo kumeneko anawatumiza ku Tete. Madokotala anamulowetsa mutu m'makina ounikira m'kati mwa thupi. Pobwerera kumapiri kuno, Otília anali ndi dzina la matenda ake, torombozi, amene ena amati sitiroko, anali ndi dzanja lamanja lolemera ngati lobwereka, komanso envelopu yaikulu yodzaza ndi zithunzi zakuda za pulasitiki.

Nzeru zake sizinapite kulikonse. Ankamva zonse, ankakumbukira zonse, ngakhale mayina a ana amene anamuvutitsa kalekale. Koma mawu ankatuluka limodzilimodzi, movutikira, ngati mbuzi pakhomo lopapatiza la khola. Chipwitikizi chimene ankaphunzitsira ndiye chinathawiratu, ndipo chimene chinayamba kubwerera ndi Chinyanja cha amayi ake. Chimene chinkamupsetsa mtima kwambiri si matendawo ayi, koma anthu achifundo. Akangoti, "Ndikufuna…" wina wathamanga kale ndi kapu ya madzi, wina ndi bulangeti, pomwe iye amafuna kunena kuti wailesi ikusokosera.

Mkulu wa sukulu, Natanael, anali m'gulu la achifundowo, ndipo anali katswiri wawo. Patapita miyezi anabwera kudzamuona, atanyamula shuga ndi nkhani imene anaikonza bwino m'njira.

"Apurofesora, ntchito mwaigwira, palibe angatsutse," anatero atakhala pakhonde. "Ndikuganiza zolembera akuluakulu ku Tete kuti akupumitseni mwaulemu. Mukhale pakhomo, mudzisamalire."

"Awula," anatero Otília.

"Eetu, ana akuzisowa kwambiri awula zanu, koma…"

"Ayi." Anakweza chala chakumanzere. "Awula… imodzi."

Natanael anamvetsa. Mayiyu ankapempha phunziro limodzi lokha, pamaso pa ana a kalasi yomaliza, iye mkulu atakhala kumbuyo. Ana akatolapo kanthu, kalasi ibwerere kwa mwini wake. Akapanda kutolapo, kalata ipite ku Tete. Mkuluyo anavomera mosavuta, poganiza kuti munthu akadzionera yekha kuti zakanika sakusungira chakukhosi. Otília anawawerenga maganizo amenewo pankhope pake ndipo sanadandaule. Phukusi la moyo sakusungira ndi mnzako, ndipo lake linali mu envelopu muja.

Zithunzi zija ankaziyang'ana tsiku ndi tsiku ataziika pazenera. Makina aja sajambula mutu ngati mmene amajambulira wa pachiphaso. Amaudula m'magawomagawo kuyambira m'munsi kukwera m'mwamba, monga mmene amayi a kumsika amadulira kachewere wokazinga, ndipo gawo lililonse limakhala ndi kachithunzi kake. Kwa zaka zambiri Otília anaphunzitsa za ubongo ndi chojambula cha m'buku chooneka ngati kabichi wopondedwa ndi galimoto. Ana ankaloweza mayina n'kuwasiya m'chipinda cholembera mayeso potuluka. Tsopano anali ndi ubongo weniweni, wakewake. Ndipo pa magawo atatu apakati panali banga lakuda, pamene magazi analeka kufika, minofu n'kufa. Anaganiza zoumba gawo lililonse ndi dongo, kuti akasanjikiza utuluke mutu wathunthu woti munthu n'kuutsegula ndi manja.

Ntchito inagwiridwa pakhonde. Otília ankaika pepala lopyapyala pamwamba pa chithunzi n'kutsata mizere ndi dzanja lamanzere, lilime lili panja, kenako n'kukulitsa chojambulacho. Valter ankatapa dongo kudambo, kuliponda, kulisalaza ndi botolo, n'kudula motsata pepalalo, chigaza m'mphepete, ubongo m'kati, ndi kachizindikiro kosonyeza kumene kuli kumaso. Makwinya a ubongo ankawadinda mwini wake ndi chogwirira cha supuni. Mwamunayu sankanyinyirika. Ndiye amene ankamusambitsa Otília m'masabata oyamba aja, ndiye anaphunzira kumumanga duku, ndipo mwana wawo Yara akaimba foni kuchokera ku Tete, ndiye ankayankha m'malo mwa onse awiri. Zonse zinayenda bwino mpaka anafika pa banga lija. Otília anafuna kuti pamenepo pakhale bowo.

Valter anaika mpeni pansi.

"Amake Yara, ine ndine woumba njerwa. Njerwa yobowoka ndimataya."

"Dulani."

"Kwathu munthu saumba chilema cha mnzake mwini wake ali moyo. Ukachiumba n'kuchiwotcha ndiye kuti wachikhazika, sichidzachokanso. Komanso ana a sukulu mukuwadziwa inu nomwe. Mawa lomwe mudzamva akukutchani aBowo mumsika monse."

"Dulani," anatero Otília, akumupatsanso mpeniwo.

Anadula, nkhope ili ngati ya munthu wokumba manda. Valter sanali munthu wokangana. Anakulira kumsasa wa othawa nkhondo kutsidya ku Dedza, kumene anaphunzira kuti ukauzidwa chinthu umavomera kaye, zako n'kuchita pambuyo pake. Magawo atauma anawalowetsa pakona ya uvuni limodzi ndi njerwa, ndipo anatuluka ofiira, olimba, olira ngwe ukawagogoda. Ntchito yopaka njereza anati amusiyire iye, chifukwa njereza imadya manja. Anapaka yekha kuseri kwa nyumba, anasanjikiza yekha, n'kukulunga mutu wonsewo m'chiguduli. Otília sanalondoleko. Anali wotanganidwa ndi mawu ochepa amene anasankha kuti akanene m'kalasi, ndipo ankawayeserera pa nkhuku, chifukwa nkhuku sizimalizira munthu chiganizo.

Tsiku la phunziro kunacha ndi nkhungu ya mwezi wa Juni, kozizira koti ngakhale agalu sanafune kuuwa. Otília anavala bata yake, chovala choyera cha aphunzitsi chija, chimene tsopano chinkakhwepa m'mapewa. Mantha analibe ngakhale pang'ono. Valter anakankha njinga, dengu lili kumbuyo, ndipo atafika anatula katunduyo patebulo la m'kalasi n'kutuluka osamuyang'ana kumaso mkazi wake. Otília anayesa ndi manyazi a munthu amene sukulu anaisiyira panjira.

Ana anaimirira n'kumulonjera mofuula kuposa kale, monga amachitira anthu polonjera wodwala. Natanael anakhala pampando wakumbuyo, manja ali m'jekete. Otília sanataye nthawi ndi malonje. Anamata zithunzi zake pagalasi la zenera kuti kuwala kudutsemo, kenako anavundukula chiguduli. Patebulo panakhala mutu woyera wopanda nkhope, wa mizeremizere pamene magawo anakumana.

"Wanga," anatero, akuloza zithunzi, kenako dongo, kenako mutu wake. "Bwerani. Gwirani."

Palibe anasuntha. Dário, shefe wa turma, ndiye kuti mtsogoleri wa ana a m'kalasimo, mnyamata wamtali amene ndevu zinali zitayamba kale kumera, anabisa manja kumbuyo.

"Pepani apurofesora. Ukanakhala wa mbuzi tikanaugwira. Koma mutu wa munthu wamkulu, tiuseweretse ife? Amayi atamva angandipitikitse panyumba."

Otília anamwetulira, chifukwa zimenezi anaziyembekezera. Ana a kuno amaleredwa kuti dzanja lawo lisafike pamutu pa munthu wamkulu, ngakhale patatera ntchentche. Koma iye anali atakhala ndi ana zaka zokwanira kudziwa kuti ulemu uli ndi mphamvu, koma chidwi chimauposa. Palibe mwana wa munthu angaone bowo osafuna kupisamo chala. Phunziro lonse analimanga pa bowo lija. Akaliona adzafunsa, akafunsa adzayandikira, ndipo dongo lidzanena zimene pakamwa pake sipangathe. Anachotsa magawo apamwamba limodzilimodzi, mosapupuluma. Atafika pamene panali bowo, anaimika gawolo kuti onse aone.

Bowo panalibe. Panali posalala, poyera mbee. Anayang'ana gawo lotsatira, chimodzimodzi. Lachitatu, chimodzimodzi.

Apa ndiye mantha enieni anamugwira. Mawu onse amene anayeserera pa nkhuku aja anabalalika. Anatsegula pakamwa, panangotuluka mpweya. Ana anayamba kuyang'ana pansi, ndipo kumbuyo kuja mpando unalira. Natanael anali ataimirira, chifundo chitadzaza tho pankhope.

"Ana inu, chimene apurofesora akufuna kunena n'chakuti…"

Otília anamenya tebulo ndi dzanja lamanzere mpaka fumbi linadzuka.

"Ayi!"

Mkuluyo anakhalanso pansi. Otília anakanda gawo limodzi ndi chikhadabo. Njereza inasupuka, ndipo pansi pake sipanali pofiira ngati dongo lowotcha. Panali matope wamba, ouma ndi dzuwa chabe. Mantha aja anasanduka mkwiyo. Anatembenukira kuzenera, ndipo pampata wa pakati pa zithunzi ziwiri anaona chipewa chimene ankachidziwa bwino.

"Inu! Lowani."

Valter analowa chipewa chili m'manja. Sanayese n'komwe kukana mlandu.

"Ndidamata ndine, amake Yara," anatero motsitsa mawu. "Ndidati ana asakusekeni. Ndidatinso mwina likatsekeka apa…"

Sanamalize, ndipo kwa nthawi yoyamba m'miyezi yonseyi panali munthu wosowa mawu amene sanali Otília. Mkwiyo wake unachepa, koma sunathe. Anamukonda kwambiri mwamunayu pa nthawi imeneyo, ndipo ankafunanso kumukwapula ndi chiguduli. Anamugwira malaya n'kumukokera kuzenera. Analoza banga lakuda pachithunzi, n'kuloza mutu wake.

"Lilipo," anatero. Anapuma, akusaka mawu otsatira, ndipo palibe anayerekeza kumuthandiza. "Mumate… musamate… lilipo. Ine… manyazi… ndilibe. Inu?"

Valter anayang'ana chithunzicho nthawi yaitali. Chibwerereni ku Tete anali asanaliyang'anitsitsepo banga limenelo. Kenako anapisa m'thumba n'kutulutsa msomali wautali umene ankalembera mizere panjerwa.

"Ndikumba," anatero.

"Dikirani."

Otília anamugwira dzanja. Nzeru ina inali itamufikira, ndipo inali yabwino kuposa imene anabwera nayo. Gawo limene anakanda lija analiphimba ndi chiguduli. Pa awiri otsalawo mwamuna wake anamata mwaluso moti diso silikanadziwa pamene panali bowo. Anakankhira limodzi kutsogolo kwa Valter, n'kulozera ana zithunzi za pazenera.

"Inu… chete. Ana… anene."

Anawo anamvetsa msanga. Valter akumba pokhapo pamene iwo amuuze, ndipo iwo ayenera kupeza malowo powerenga chithunzi. Kuuza munthu pokumba si kugwira mutu wa munthu wamkulu, choncho Dário analimba mtima.

"Kumanja kwa mutuwo, atate. Pachithunzi banga lili kumanja, ndipo dzanja limene likuvuta apurofesora ndi lamanja. Palibe chovuta apa."

Valter anagogoda kumanja. Ngwe! Msomali unadumpha padongo lowotcha, ndipo kalasi inaseka koyamba m'mawa umenewo.

Efigénia, mtsikana wofatsa wa ku Lifidzi, anali atafika kale pazenera osazindikira kuti wadzuka pampando.

"Chithunzichi chikutiyang'ana ife," anatero. "Ndiye kumanja kwathu ndi kumanzere kwake."

Otília anaima moyang'anana nawo n'kukweza dzanja lake lamanzere, ndipo onse anaona kuti kwa iwo lili kumanja. Basi, phokoso linabuka.

"Kumanzere, atate! Chakumbuyo!"

Ngwe!

"Ayi, chakutsogolo pang'ono, pamwamba pa khutu!"

Msomali unalowa, matope n'kuyamba kugumuka. Ana anakuwa ngati timu yawo yagoletsa.

"Koma apurofesora," anatero Dário, amene sanafune kugonja, "bala lili kumanzere, dzanja lofooka lamanja. Zikugwirizana bwanji?"

Otília anagwira gawo lapansi penipeni, pamene ubongo umalumikizana ndi msana. Kenako anapingasa mikono yake pachifuwa, wamanzere ukunyamula wamanja.

"Mitsempha… imadutsana."

Mnyamatayo anapingasa mikono yake, n'kukhala chomwecho kukamwa kuli yasa.

Valter anakumba mosamala kuposa mmene anamatira, misozi ikutsika osaipukuta. Atatha magawo onse atatu anapemerera fumbi n'kuwasanjikiza, ndipo bowo linaoneka lonse, loti dzira la nkhuku n'kukhalamo. Iye ndiye anayamba kupisamo chala, ndipo anachisiya m'menemo kanthawi.

"Atate," anatero Dário mwaulemu, "mungatilole nafenso tigwireko?"

"Mutu… wanga!" anakalipa Otília, ndipo kalasi yonse inafa nalo phwete, Natanael yemwe.

Kuchokera pamenepo magawo anayenda m'manja. Ena anapeza timapanga tapakati tosunga madzi, ena kaubongo kakang'ono kakumbuyo kamene kamathandiza munthu kuyenda osadzandira. Mayina a Chipwitikizi amene Otília sankatha kutchula ankawawerenga okha m'buku, mofuula, chala chili padongo, akutsutsana. Iye ankangoyenda pakati pawo, kugwedeza mutu, kusuntha chala cha uyu, kumenya kadzanja ka uyo. Wina atasanjikiza magawo molakwika, anzake anamukalipira mphunzitsi asanafike. Tisaname, dzina limene Valter ankaopa lija linabadwadi m'mawa womwewo, kumzere wakumbuyo. Otília analimva ndi makutu ake, ndipo analikonda. Natanael anapezeka ali kutsogolo, manja atatuluka m'jekete, akudikira mpata wake kumbuyo kwa atsikana awiri amene sanamuone n'komwe.

Belu litalira palibe anatola chikwama. Efigénia anali ataima patebulo, chala chili m'bowo, buku lili kudzanja linalo.

"Apurofesora, buku likuti malo awa ndi amene amakonza mawu kuti munthu alankhule."

"Eya."

"Ndipo kwa inu malo awa adafa."

"Eya."

"Nanga mawu amene mwatilankhula lerowa akuchokera kuti?"

Otília anamva chimwemwe chimene anali asanachimvepo chidwalireni. Linali funso la mtundu umene mphunzitsi amaudikira chaka chonse, ndipo yankho lake ankalidziwa bwino: mbali zoyandikana zimaphunzira pang'onopang'ono ntchito ya inzake yakufa, monga mmene achibale amalimira munda wa wodwala. Akanatha kusuntha chala cha mtsikanayo kupita m'mphepete mwa bowo n'kunena liwu limodzi. Koma Otília sanali mphunzitsi wa dzulo. Anatenga chiguduli n'kuvundikira mutu wake wa dongo.

"Lolemba," anatero.

Ana onse anatembenukira kwa mkulu wa sukulu, chifukwa nkhani ya kalata ya ku Tete inali chinsinsi chodziwika ndi aliyense. Natanael anayang'ana chala chake, chimene chinali choyera ndi njereza. Anatsegula pakamwa kuti anene zina zaulemu, zazitali, monga mwa chizolowezi chake, koma zinamukanika.

"Shefe wa turma," anatero potsiriza, "Lolemba undisungire mpando. Koma osati wakumbuyo uja."